Mitengo Yopanda Fupa

Padangokhala, kale lija nyama zinkasumirana milandu ngati anthu, panali Gologolo wamkazi amene ankakhala m'mphako ya mtengo wa mbawa. Ngati tili tonse, tiyeni.

M'dziko limenelo mapepala onse ankapanga ndi Mavu. Ankatafuna mtengo, n'kuulavula, n'kuusalaza mpaka usanduke pepala. Nungu, mlembi wa bwalo, ankazula munga pamsana pake n'kulemberapo milandu, maukwati ndi malire a minda. Koma mtengo uli ndi fupa lake, chinthu chouma chimene chimauimiritsa, ndipo fupalo linkathyola nsagwada za Mavu. Kuti alifewetse, ankaviika mitengo m'chidulo chaukali, osati chija chothira m'therere, ndipo akamaliza ankakhuthulira chidulocho mumtsinje.

Ndiye kunali Nankafumbwe, dotolo wa njere, amene ankadziwa m'kati mwa njere ngati kuchipinda kwake. Iyeyu analowa m'njere ya mtengo, napeza kaulusi kamene kamauza mtengo kuti upange fupa, n'kukadula. Njereyo itamera, mtengo unakula msanga, wofewa ngati chinangwa, ndipo unkasanduka pepala loyera popanda chidulo. Mbola, kapitawo wa Mavu, atatafunako anavina. Tsiku lomwelo analamula kuti mitengo yakale ipakidwe katondo, Njovu adzaigwetse, pamalo pake pabzalidwe yatsopano.

Gologolo anali ndi ana atatu m'mphako, ofiira, osatsegula maso. Mmawa wina akutsika, anapeza katondo patsinde la mbawa yake. Atamva tanthauzo lake, anathamangira kubwalo mchira uli njo.

"A Nungu, ndani wanena kuti nyumba yanga igwe?"

Nungu anatambasula pepala osamuyang'ana. "Onse anavomera, mayi. Zalembedwa apa."

"Onse ake ati? Ine anandifunsa ndani?"

"Msonkhano unachitika."

"Unachitikira kuti?"

"Kuchisa kwa a Kapitawo."

"Munalowamo ndani m'chisa cha mavu, kupatula mavu?"

Nungu anakanda pamsana. "Ine ndimangolemba zimene ndauzidwa."

Gologolo anakalipa mpaka nyama zinasonkhana. Anati mtengo watsopanowo ulibe mphako, ndipo ana ake sanganyamulidwe asanatsegule maso. Anati mtengo wopanda fupa uyambe wayesedwa pamaso pa onse, ngati ungapirire mphepo, ngati ungalimbe kwa chiswe, ngati ungasenze nyumba ya munthu. Mbola anaseka, nati alibe mantha, koma tsiku ndi kayesedwe asankha yekha popeza mtengowo ndi wake. Nungu analemba zimenezo.

Tsiku loyesa mphepo, Mbola anasankha masana otentha, tsamba lililonse lili zii. Anaitana mavu khumi, nawauza kuti azikupiza mapiko pafupi ndi mtengo. Anakupiza mpaka thukuta. Mtengo sunagwedezeke.

"Mphepo yaomba, mtengo waima," anatero Mbola. "Lembani."

"Imeneyo mphepo?" anafunsa Gologolo. "Mwana wanga akayetsemula imaposa pamenepo."

"Kodi mphepo ili ndi muyeso, mayi? Munati mphepo. Mphepo mwaiona."

Nungu analemba. Apo Mavu anayamba nyimbo yawo ya pantchito, ija amaimba nsagwada zikutafuna. Mmodzi ankatsogolera kutamanda mtengo wosalimbana ndi kamwa, ena onse n'kumavomera ndi mng'ung'udzo wautali, mapiko akuomba ngati m'manja. Inali nyimbo yokoma, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri Gologolo, chifukwa ngakhale nyama zimene mitengo yawo inali ndi katondo zinkagwedeza mitu.

Akubwerera, anakumana ndi Chule, mnzake wa kalekale, atakhala pamwala.

"Achemwali, mwaona chinyengo chija?" anatero Gologolo.

"Ndaona," anatero Chule. "Koma ine ndikufuna mitengoyo ibzalidwe."

"Inunso?"

"Inenso. Inu mumakhala kumwamba, chidulo mumangochimva. Chaka chatha ndinaikira mazira odzaza chikho. Mbululu zinaswa, Mavu anathira chidulo, m'mawa mwake zonse zinali mimba kumwamba. Chaka chinacho chimodzimodzi. Pamene ndinkalira, inu munabwera ndi mtedza kudzandipepesa, koma kubwalo simunapite."

Gologolo anakumbukira mtedza uja. Zinali zoona.

"Sindikuti ana anu afe," anapitiriza Chule. "Ndikuti mukamakalipa muzikumbukira kuti mtengo wakalewo unali kupha kale ana a wina."

Gologolo anapita kwawo ndi mkwiyo womwe uja, koma tsopano unali utadziwa kolowera. Mtengo wofewa sunali mdani wake.

Tsiku loyesa chiswe, Mbola anabwera ndi nkhalamba ya chiswe, yopanda dzino ndi limodzi lomwe, mimba ili tantha chifukwa anali ataidyetsa udzu chiyambire mmawa. Anaikweza pamtengo. Nkhalambayo inanyambita khungwa kamodzi, n'kugeya, n'kuyamba kuodzera.

"Chiswe chalephera," anatero Mbola. "Lembani."

"Bwanji osaitana aja a pachulu, a mano?" anafunsa Gologolo.

"Mukunyoza akuluakulu, mayi? Ameneyu wadya mitengo inu musanabadwe."

"N'chifukwa chake mano anatha."

Nyama zinaseka, koma Nungu analemba kuti chiswe chalephera. Mavu anaimbanso nyimbo yawo ija, wotsogolera akuonjezera ndime yakuti ngakhale chiswe chimauchitira ulemu mtengo wawo, anzake n'kumang'ung'udza movomera.

Gologolo anaona Nankafumbwe ataima payekha, maso pansi, osaimba nawo. Anamutsatira.

"A Dotolo, ndiuzeni zoona. Mtengo wanuwu ungaime pamwera?"

"Sindikudziwa."

"Nanga chiswe cha mano?"

"Sindikudziwanso. Mwina ungalimbe, mwina ayi. Ndipo pali china. Ukadzachita maluwa, njuchi zidzatenga mungu wake n'kukaupaka pamitengo ina. Ana a mitengoyo adzakhala ndi fupa kapena ayi, sindikudziwa. Pafunika dzinja limodzi, mwina awiri, kuti tione."

"Zimenezi munawauza a Kapitawo?"

"Ndinawauza zonse. Ndinati mtengowu ndi wabwino kupanga pepala, ndipo zina sitikuzidziwa. Papepala panalembedwa theka loyamba."

"Ndiye bwanji muli chete?"

Nankafumbwe anayang'ana uku ndi uku. "Njere zimene ndimagwirira ntchito amandipatsa ndi iwowo. Nkhokwe yomwe ndimagonamo ndi yawo. Ine ndilibe mbola, mayi. Ndili ndi kachitsulo koboolera basi."

"Kachitsulo komweko kadula fupa la mtengo," anatero Gologolo, "koma kakulephera kutsegula pakamwa panu."

Tsiku loyesa kusenza, Mbola anaitana Gulugufe kuti atere panthambi. Gulugufe anatera, natambasula mapiko, nauluka.

"Nthambi yasenza, sinathyoke. Lembani."

Ulendo uno Gologolo anangoyang'ana Gulugufe, nayang'ana Mbola, nayang'ana munga wa Nungu ukuyenda papepala. Nungu anawerenga chigamulo: mtengo wapambana katatu, Njovu abwera pakapita masiku asanu ndi limodzi. Mavu anaimba nyimbo yawo kachitatu, mokweza kuposa kale, mpaka ndime yomaliza anaisandutsa yonyoza mayi wa mchira waukulu amene amakonda mphako kuposa chitukuko.

Nyimbo itatha, Gologolo anagwada pamaso pa Mbola.

"Ndagonja, bambo. Ndinali mbuli. Mundilole ndifulule mowa, ndipepese pamaso pa onse Njovu asanabwere."

Mbola anatukumuka. "Mwaona? Ngakhale mutu wouma umafewa. Fululani."

Gologolo anafutsa mawere ake onse amene anasungira dzinja. Chule anamuthandiza kutunga madzi kumtunda, kumene chidulo sichinkafika.

"Achemwali, mwagonjadi?" anafunsa Chule.

"Tungani madzi."

"Ngati mwaikamo kanthu mumowamu, ine ndisakhalepo."

"Mulibe kanthu koma mawere ndi madzi anu omwewa."

Tsiku lachisanu, dzuwa lili paliwombo, nyama zonse zinakhala pansi pa mbawa. Mbola anakhala pampando, Nungu pambali pake ndi mapepala, chifukwa sankayenda opanda. Gologolo anatunga chipanda chodzaza, nagwada, nachipereka kwa Mbola. Iye mwini sanalaweko.

Mbola anayang'ana chipanda, nayang'ana mayi amene mawa lake nyumba yake ikugwa.

"Mayi, mwaiwala kanthu."

"Chiyani, bambo?"

"Mwini mowa amayamba ndiye kumwa."

"Ndi wabwino, bambo. Ndinauyesa kale."

"Munauyesa bwanji?"

"Ndinaununkhiza."

"Kununkhiza n'kumwa?"

"Ndinapatsakonso ntchentche. Inatera pamlomo pa mbiya, n'kuuluka ili bwinobwino."

"Ine ndikufanana ndi ntchentche?" anakalipa Mbola. "Inu munakulira kuti? Amayi anu sanakuphunzitseni?"

"Ankanena, koma ine ndinkayesa ndi zachikale. Masiku ano zinthu zikufulumira, bambo. Mowa ukuphwa. Imwani, tikaona mawa ngati muli kanthu."

"Tikaona mawa!" Mbola anauluka pampando, nazungulira bwalo. "Mwamva, anthu inu? Ndimwe ine, iye akaone mawa. Mwambo umenewu si wachikale. Wobweretsa chinthu amayamba ndiye, kuti ngati muli imfa iyambire kwa iye."

"Koma umenewo ndi mwambo wa mowa wokha," anatero Gologolo mofatsa.

"Wa mowa wokha? Wothyola bowa amayamba ndiye kudya. Sing'anga amayamba ndiye kunyambita mankhwala. Chilichonse chimene munthu wabweretsa kwa anzake, ayambe iye ndi a m'nyumba mwake, ena adikire aone."

"Adikire nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka chinthucho chionetse mtima wake wonse."

"Pepani, bambo, ine mutu wanga ndi wouma, ndimangokhulupirira zolembedwa. A Nungu, zimenezi zili papepala?"

Nungu anafufuza m'mapepala ake. "Palibe. Aliyense amangozidziwa."

"Lembani," anatero Mbola. "Lembani tsopano lino, mayiyu aphunzire. Mulembenso kuti wanena ndi Kapitawo Mbola."

Nungu anazula munga watsopano, nalemba mawu onse, nawawerenga mokweza. Nyama zinavomera. Gologolo anatenga chipanda chija, nachipendeka, namwa mpaka pansi. Anapukuta pakamwa, natunga china, napatsa Mbola. Mbola anamwa, mtima unakhala pansi.

"Wabwino," anatero.

"Zikomo, bambo. Tsopano ndifunse. Mtengo wopanda fupa anabweretsa ndani?"

Chipanda chinaima pakamwa pa Mbola.

"Zisa za Mavu zili kuti?" anapitiriza Gologolo. "Zili kuthanthwe, zolendewera pamwala. Ana a Kapitawo ali pamwala. Anga ndiwo mukufuna ayambe kulawa. A Nungu, werenganinso, mwina sindinamve bwino."

Nungu anayang'ana Mbola, koma inki inali isanaume, ndipo nyama zonse zinali zitamva. Anawerenganso.

"Choncho zisa zonse zisamuke," anatero Gologolo. "Zilendewere panthambi za mtengo watsopano, ndi ana omwe, dzinja lathunthu, mpaka mtengowo uonetse mtima wake wonse. Musaope, bambo. Unapambana mphepo, unapambana chiswe, unasenza Gulugufe. Zalembedwa."

"Zimenezo n'zosiyana," anatero Mbola.

"Zisiyana pati?"

"Chisa n'cholemera."

"Kuposa Gulugufe?"

Nyama zinayamba kung'ung'udza, ndipo sikunali kung'ung'udza kwa nyimbo. Pamenepo Nankafumbwe anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo.

"Kaulusi kaja ndinadula ndine," anatero. "Ine ndikagona m'mtengomo. Ndikaboola chipinda patsinde, ndikhala momwemo mpaka dzinja lithe. Ndimaukhulupirira mtengo wanga, koma sindikuudziwa, ndipo ndinanena zimenezo kuyambira pachiyambi."

Mbola anaona kuti pothawira palibe. Anatera pafupi ndi Nungu, mawu ake atachepa.

"Chabwino. Tisamuka. Koma pali zofunika kukonza. Mtengo uliwonse uchirikizidwe ndi mphanda. Pakumbidwe ngalande kuzungulira munda, muthiridwe phulusa, chifukwa chiswe cha pachulu chikaupeza mtengo umenewu chimautha masiku awiri."

"Masiku awiri," anatero Gologolo. "Mwadziwa bwanji?"

Mbola anapitiriza ngati sanamve. "Mitengoyo izidulidwa isanachite maluwa, njuchi zisamwaze mungu. Ibzalidwe pamunda umodzi, osati paliponse. Ndipo..." Anayang'ana mbawa ija. "Mitengo yakale ya mbali ino isagwetsedwe. Mwera umachokera kuno. Mbawa izi zikachoka, mphepo idzafika pamundapo yosatchingidwa, ndipo nthambi sizingapirire. Tinaona ndi itatu yoyamba ija."

"Itatu iti?" anafunsa Chule.

Mavu onse anayang'ana pansi.

Gologolo anaimirira, ubweya wonse uli nyaa. "Ndiye munkadziwa. Munaona mitengo itatu ikuthyoka, koma munabwera kuno n'kumakupiza timapiko, n'kumatiimbira nyimbo. Mphanda munkazidziwa, ngalande munkaidziwa, za maluwa munkazidziwa. Nzeru zonsezi zinali m'mutu mwanu, zikungodikira kuti ana okhala panthambi akhale anu. A Nungu, lembani zimene anenazi, zonse, osati theka."

Nungu analemba zonse.

Nyama zina, zitapsa mtima, zinafuula kuti mitengo yofewayo izulidwe yonse itenthedwe. Chule analumphira pambiya.

"Muitenthe, kenako chidulo chibwerere mumtsinje? Mwapulumutsa ana a Gologolo, tsopano mukufuna kubwezera pa anga?"

"Isatenthedwe," anatero Gologolo. "Mtengo sunanamize munthu. Ubzalidwe monga anenera a Kapitawo, popeza lero ayamba kunena zoona."

Mawa lake Njovu anabwera, napeza ntchito palibe, namaliza mowa wotsala n'kubwerera. Mavu anasamutsa zisa zawo. Dzinja linafika ndi mphepo zake, mwera n'kutsatira. Mitengo ya m'mphepete mwa munda, kumene kunalibe chotchinga, inathyoka ingapo, koma Mbola anali ataonetsetsa kuti kumeneko kusapachikidwe chisa. Ya pakati inaima. Nankafumbwe anatuluka m'chipinda chake ali wonyowa, nati kaulusi kaja anakadula mopitirira, ndipo analowa m'njere zina kukasiyako fupa pang'ono. Chidulo chinachepa mumtsinje, mbululu za Chule zinamera miyendo. Ana a Gologolo anatsegula maso m'mphako momwe anabadwira.

Kuyambira pamenepo Mbola anaika asilikali anayi patsinde la mbawa, kuti aliyense wobwera ndi nkhwangwa alumidwe. Tsiku lina Chule anabwera kudzacheza, nawapeza akuzungulira mtengo, mbola zili panja.

"Achemwali, mwakwera," anatero Chule. "Akukulonderani ngati mfumu."

Gologolo anali akusenda mtedza. Sanatukule maso.

"Salondera ine. Ndangokhala mbali imene mphepo imachokera. Tsiku limene mwera udzasinthe njira, mudzandiuze msanga, ndidzayambe kufutsa mawere."

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata m'phulusa akaiphule isanapserere.